Nsadzu: Mbiri ya Kutsika Kawiri

Kum'mwera kwa Chipata, m'dziko la Acewa la mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli mtsinje dzina lace Nsadzu. Kumeneko amisyoni a Mpingo wa Dutch Reformed, otumidwa ndi Sinodi wa ku Orange Free State, anamanga misyoni m'caka ca 1908. Dera limenelo ndilo boma la Chadiza. Nsadzu sinali misyoni yoyamba, pakuti ulemu umenewo ndi wa Magwero. Ndiponso sinakhale likulu la nchito, pakuti likulu linali ku Madzimoyo. Cimene Nsadzu inadziwika naco ndico mudzi wa akhate.

Mbiri ya malo amenewa, pamodzi ndi ya Mpingo umene unawamanga, ionetsa kuti kudzicepetsa kuli ndi kutsika kuwiri. Kutsika koyamba ndiko kuwerama kuti utumikire munthu wosauka ndi wodwala. Kwaciwiri ndiko kulola kuti iye amene unali kumphunzitsa akhale pa mpando wolingana ndi wako, ndipo mwina akuposenso. Koyamba kuwawitsa thupi, koma kwaciwiri kuwawitsa mtima, ndipo ambiri amene anapirira koyambako anakhumudwa pa kwaciwiri.

Khomo Lotsegulidwa ndi Mfuti

Azungu asanalowe, dziko lozungulira Chipata linali m'manja mwa Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba. Acewa ambiri anagwidwa nalowa m'midzi ya Angoni, ena anakhala m'malinga ndi m'mapiri ali ndi mantha a nthungo. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ocokera ku Nyasaland anathyola mphamvu ya Angoni ndi mfuti zazikuru. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaweruzidwa naomberedwa. Ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Ndipo Mpezeni mwini anatengedwa ukaidi kwa kanthawi. Pambuyo pa zimenezi mfumuyo inabvomera kuti aphunzitsi alowe m'dziko lace, ndipo pa 5 July 1899 Abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr anayamba nchito pa Magwero. Mpezeni anamwalira m'caka ca 1900.

Apa payenera kusiyanitsidwa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kucepetsidwa ndi kwina, kudzicepetsa ndi kwina. Munthu wogonjetsedwa ndi mfuti amagwada cifukwa miyendo yace yathyoledwa, koma mtima wace ungakhale uli ciriri. Angoni anacepetsidwa m'caka ca 1898, koma sikunali kutembenuka mtima. Ndipo ciyambi cotere cinali ndi msampha kwa amisyoni eni ace. Iwo analowa pa khomo limene anatsegula ndi asilikali otsogozedwa ndi anthu a khungu lofanana ndi lao, cotero anthu anawaona ngati a mbali ya opambana. Munthu amene aliyense amamgwadira kuyambira tsiku loyamba sacedwa kuganiza kuti kugwadiridwako ndi coyenera cace.

Nchito inakula msanga. Madzimoyo inatsegulidwa m'caka ca 1903, Nyanje m'caka ca 1905, Nsadzu m'caka ca 1908, ndipo pozungulira misyoni iriyonse panabuka masukulu a m'midzi. Amene ananyamula masukuluwo pa mapewa ao anali aphunzitsi a Cikuda. Iwo ndiwo anayenda pansi, naphunzitsa zilembo pansi pa mitengo, naimba belu m'mawa, nakonzera anthu ubatizo, pamene mmisyoni anafika m'mudzimo mwa kamodzi-kamodzi kudzayang'anira.

Kutsika Koyamba

Palibe munthu woona mtima amene angakane kuti amisyoni aja anadziwa kuwerama. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu pa Magwero, nchito imene inali isanacitikepo m'dziko lonse la Northern Rhodesia. Iwo anamwalira m'caka ca 1910, koma Mai Ella Botes anainyamula nchitoyo nakhala nayo zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1955 panatsegulidwanso sukulu ya osamva pa Magwero pomwepo. Masiku amenewo mwana wakhungu anayesedwa katundu wa banja. Munthu wokhala naye pansi tsiku ndi tsiku, kugwira cala cace ndi kuciyendetsa pa timadontho ta zilembo, sanayembekeze kutamandidwa ndi wina ali yense.

Akhate anali pansi koposa akhungu. Khate limapha mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, kotero kuti wodwala amapsa ndi moto kapena kubayidwa ndi minga osamva kanthu. Zironda zimakula, zala zimafupika, nkhope imasinthika. Anthu analiopa kwambiri. Wakhate anapatulidwa pa cakudya ndi pogona, ndipo m'madera ambiri ngakhale mtembo wace sunaikidwe kumanda pamodzi ndi abale ace. Dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anaona kacirombo ka nthendayi m'caka ca 1873, koma mankhwala enieni anacedwa zaka zambiri. Cimene cinalipo ndi mafuta a mtengo wa ku India wa chaulmoogra, amene anabayidwa m'khungu ndi singano. Anali owawa, ndipo ocira nao anali owerengeka.

Boma la Angerezi linasiya nchito yosamala akhate m'manja mwa mamisyoni, ndipo bungwe la British Empire Leprosy Relief Association, limene linayambika ku London m'caka ca 1924, linathandiza midzi yotere m'maiko ambiri a mu Afrika. Pofika zaka za m'ma 1930 Nsadzu inali ndi mudzi wace wa akhate. Monga m'midzi yonse ya mtundu umenewu, odwala anakhala m'nyumba zao, amene anali ndi mphamvu analima minda, ndipo nchito yaikuru ya osamala inali kutsuka ndi kumanga zironda, lero, mawa ndi mkuja, zaka ndi zaka, popanda ciyembekezo cakuti zala zotayika zidzamera. Munthu amene mudzi wace unamkana anapeza kumeneko dzanja losaopa kumkhudza, ndi malo m'nyumba ya mapemphero.

Mankhwala a sulfoni anayesedwa koyamba pa akhate ku Carville, m'dziko la America, m'caka ca 1941, ndipo pambuyo pa nkhondo yaciwiri dapsone anafalikira mu Afrika. M'caka ca 1981 bungwe la za umoyo la dziko lonse linalangiza kuphatikiza mankhwala angapo, ndipo khate linasanduka nthenda yocizika munthu ali kwao. Midzi ya akhate inatha nchito, ndipo malo a pa Nsadzu anadzakhala osamalirako odwala matenda a maganizo, anthu enanso amene dziko limawapatula. Koma zaka zija za mafuta owawa, pamene panalibe mphotho yooneka, ziri umboni wakuti Uthenga unalalikidwa ndi manja.

Kutsika Kwaciwiri

Tsono pano ndi pamene mbiri iwawa. Mpingo umene unatuma anthu okhoza kutsuka zironda za wakhate unali womwewo umene unabvutika kukhala pa gome limodzi ndi mbale wa khungu lina.

Muzu wa bvutoli unali wakale. M'caka ca 1857 Sinodi wa ku Cape anabvomereza kuti, ngakhale Malembo afuna kuti okhulupirira apembedze pamodzi, Akristu a Cikuda angasonkhane m'nyumba zao-zao cifukwa Azungu ena anali ofooka pa nkhaniyi. Cimene cinaloledwa ngati kufooka cinakula cikhala mwambo, ndipo mwambo unakula ukhala ciphunzitso. M'caka ca 1929, pa msonkhano wa za misyoni wa Mpingo wa ku Free State umene unacitikira ku Kroonstad, mau akuti apartheid anamveka m'kamwa mwa mbusa. Ndipo m'caka ca 1935 mipingo ya Dutch Reformed inalemba lamulo la misyoni lokana kusakanizana kwa mitundu. Sinodi wa ku Free State ndiye anali make wa Magwero, Madzimoyo ndi Nsadzu.

Cozizwitsa ndi cakuti Mpingo womwewo unali ndi mphunzitsi wamkuru wa kudzicepetsa. Mbusa Andrew Murray wa ku Wellington, amene anamwalira m'caka ca 1917, anasindikiza m'caka ca 1895 kabuku kochuka kamene mutu wace ndi Humility. M'menemo anaphunzitsa kuti kudzicepetsa ndiwo muzu wa makhalidwe onse a Cikristu, ndi kuti ciyeso cace ceniceni ciri pa m'mene munthu akhalira ndi anthu anzace tsiku ndi tsiku, pakuti kudzicepetsa pamaso pa Mulungu wosaonekayo n'kosabvuta kudzinamiza nako. Mwana wa mbale wace, A.C. Murray, ndiye anayamba misyoni ya Mvera m'caka ca 1889, kumene kunacokera njira yopita ku Magwero. Cotero ciphunzitso cinalipo, ndipo cinali m'banja momwemo. Cimene cinasowa ndi kucifikitsa pa khonde la nyumba.

M'mamisyoni ambiri a masiku aja mphunzitsi kapena mlaliki wa Cikuda anayenera kuima panja, kapena kuzungulira ku khomo la kuseri, kudikira kuti Bwana aturuke. Zinthu zimenezi zioneka zazing'ono: mpando, dzanja la moni, kapu ya tiyi. Koma anthu amene anawerenga m'Buku Lopatulika kuti mwa Kristu mulibe kusiyana kwa mitundu anali ndi maso, ndipo anaona kuti ulaliki wa Lamulungu sunafanane ndi macitidwe a Lolemba.

Cizindikilo cina cinali kucedwa kwa ubusa. Misyoni ya Blantyre inadzoza Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha m'caka ca 1911. Livingstonia inadzoza abusa ace atatu oyamba m'caka ca 1914. Nkhoma inadzoza Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza m'caka ca 1925. Ku mbali ino ya malire mbusa woyamba, Justo Mwale, anadzozedwa ku Madzimoyo m'caka ca 1929, patapita zaka 30 ciyambire nchito pa Magwero. N'codabwitsa kuti cimeneco ndico caka comwe cija ca msonkhano wa ku Kroonstad. M'caka cimodzi Mpingo unasanjika manja pa mutu wa munthu wa Cikuda kuti akhale mbusa, ndipo unayambanso kuumba dzina la mpanda umene unati umlekanitse ndi abusa anzace.

Cifukwa ninji kutsika kwaciwiri kuposa koyamba kubvuta? Wotsuka zironda akadali mwini mankhwala. Iye ndiye wopatsa, winayo ndiye wolandira. Akatha nchito amaimirira, ndipo msinkhu wace sunacepe. Mwinanso mtima ungamnong'oneze kuti ndi woyera kuposa anzace. Koma wolandira mbale ngati wolingana naye amataya kanthu kosabwerera: mau otsiriza pa msonkhano, makiyi a thumba la ndalama, ufulu wakuti asafunsidwe. Wakhate sapikisana ndi munthu, koma mbusa mnzako angathe kukutsutsa pa bwalo, ndipo angapezeke kuti ndiye wolondola.

Umwini

Komabe Mpingo sunaime pamenepo. M'caka ca 1943 mipingo ya kuno inapanga Sinodi wace, ngakhale kuti amisyoni anagwirabe ciongolero. Pamene cipani ca National Party cinatenga boma la South Africa m'caka ca 1948, ndipo Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakakamizidwa pa anthu m'caka ca 1953, Akristu a Misyoni ya Dutch anasenza manyazi osati ao, pakuti anzao anawaloza cala kuti apembedza ndi eni tsankho. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo anafunsa mobwereza-bwereza kuti Mpingo ukhale m'manja mwa eni dziko. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo m'caka ca 1966 Mpingo unalandira umwini wace. Kuyambira m'caka ca 1968 dzina lace linakhala Reformed Church in Zambia. Amisyoni ena anabwerera kwao, koma ena anatsala nagwira nchito pansi pa Sinodi wotsogoleredwa ndi ana a sukulu zao. Amenewo ndiwo anatsika kaciwiri. Sukulu ya ubusa, imene inasamuka ku Madzimoyo kunka ku Lusaka, inapatsidwa dzina la Justo Mwale.

Mai wa Mpingo anacedwa kuposa mwana. Beyers Naudé, mbusa wolemekezeka wa ku Transvaal, anataya udindo wace m'caka ca 1963 cifukwa cokana kuti tsankho ligwirizana ndi Malembo, ndipo anthu a mtundu wace anamyesa wopanduka. M'caka ca 1982, ku Ottawa, mgwirizano wa mipingo ya Reformed ya dziko lonse unaweruza kuti kuikira kumbuyo apartheid ndi ciphunzitso conama, nuimitsa Mpingo wa Dutch Reformed. M'caka ca 1986 Sinodi wamkuru wa Mpingowo anatsegula zitseko zace kwa mitundu yonse. Potsiriza, mu November 1990, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg, Profesa Willie Jonker anaimirira naulula pamaso pa onse chimo lace, la Mpingo wace ndi la mtundu wace, napempha cikhululukiro. Ndipo Bishopu Wamkuru Desmond Tutu anaimirira nalandira kuululako. Kucokera 1857 kufikira 1990 ndi zaka 133. Umo ndimo kunyada kucedwera kufa kukakhala kwabvala zobvala za cipembedzo.

Namani ndi Petro

Malembo anaonetseratu zonsezi, ndipo anazionetsa mwa wakhate. Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, anapita kwa Elisa ndi akavalo, magareta ndi mphatso zambiri. Anali wokonzeka kupatsa, ndipo akadauzidwa kucita cinthu cacikuru akadacicita. Cimene cinamkwiyitsa ndi cakuti mneneri sanaturuke kudzamlonjera, ndi kuti mtsinje wa Yordano unacepa pouyerekeza ndi mitsinje ya kwao. Koma thandizo lace lonse linadzera mwa anthu a pansi pace: kamtsikana kogwidwa ku nkhondo ndiko kanamlozera njira, mthenga ndiye anampatsa lamulo, ndipo anyamata ace ndiwo anambweza ku mkwiyo. Khate linacoka pamene munthu wamkuru analola kuphunzitsidwa ndi ang'ono.

Comweconso pa usiku wa mgonero wotsiriza. Ambuye anamanga nsaru m'cuuno natsuka mapazi a ophunzira, ndipo amene anakana ndi Petro. Kukana kwace kunaoneka ngati ulemu, koma Ambuye anamuuza kuti wosalola kusambitsidwa alibe gawo ndi Iye. Mkristu sakula pa kutumikira kokha. Amakula pamene abvomera kuti iyenso ndi wosowa, ndi kuti Mulungu angamtumizire thandizo mwa munthu amene iye anamuyesa wamng'ono.

Mpando wa Mphunzitsi

Nkhani imeneyi singathere pa amisyoni, pakuti kunyada sikudziwa khungu. Mphunzitsi wa m'mudzi wa masiku aja, amene anadandaula poimikidwa panja pa khonde, analinso ndi khonde lace. Iye yekha m'mudzimo anali ndi nsapato, njinga ndi Cingerezi. Iye ndiye anawerengera anthu makalata ocokera ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Southern Rhodesia. Kunali kwapafupi kuti ayese nyakwawa mbuli, ndi kuti ayankhule ndi akulu a mpingo osadziwa kulemba monga ayankhulira ndi ana a Sub A. Akale anati ukakwera pa msana pa njobvu usamati kunja kulibe mame. Ambiri amene analandira mipando m'zaka za ufulu anapeza kuti mpando umene anaulira ali pansi unali wokoma kuukhalira okha.

Cotero ciyeso ca mphunzitsi Wacikristu ciri pawiri, monga cinaliri ca Mpingo wace. Coyamba ndi mwana wa pa benci ya kumbuyo, wa malaya ong'ambika, wosagwira msanga samu: kodi mphunzitsi amawerama pa iye, kapena amathamanga ndi ocenjera okha kuti dzina la sukulu limveke pa mayeso? Caciwiri ndi cobvuta koposa. Mwana amene anamphunzitsa kugwira pensulo abwera tsiku lina ali mkuru wa sukulu yomweyo, kapena woyendera masukulu. Mphunzitsi wamng'ono wongoturuka ku koleji aonetsa njira yabwino yophunzitsira kuwerenga kuposa imene wamkuruyo waigwira zaka 20. Mai wosaphunzira aimirira pa msonkhano wa makolo nanena coona cimene ciwawa. Pamenepo ndi pamene padziwika ngati kudzicepetsa kuli m'mtima kapena m'mapemphero mokha. Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mphunzitsi amene waleka kuphunzitsika wadzitsekera m'nyumba yotere.

Akhate a pa Nsadzu sanasiye maina ao m'mabuku a mbiri, ndiponso ambiri mwa amene anawamanga zironda aiwalika. Koma Mpingo umene unawerama pa iwo unayenera kuphunzira, mocedwa ndi mowawa, kuti kuwerama sikukwanira. Justo Mwale anadikira kufikira 1929, Mpingo unadikira umwini kufikira 1966, ndipo mau akuti talakwa anadikira kufikira 1990. Mphunzitsi sayenera kudikira zaka zotere. Iye ali ndi mpata m'mawa uli wonse, pamene belu lalira ndipo wina wamng'ono kwa iye waima pa khomo ali ndi mau.